Kodi amene amatcha mayina anthu akaukira boma ndani, ndipo n'chifukwa chiyani mayina ena amakanirira?

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Ophunzira anga anandifunsa chifukwa chimene zomwe zinachitika ku Tunisia ndi ku Egypt mu 2011 zimatchedwa Arab Spring, ndipo ndinangowayankha kuti ndi mmene atolankhani anazitchulira. Yankho limenelo silinandikhutitse ngakhale ineyo. Kodi amapereka mayina oterewa ndani kwenikweni? Nanga zimatheka bwanji kuti dzina la chinthu chimodzi lisanduke mawu amene aliyense akungowagwiritsa ntchito paliponse pamene anthu aukira boma?

Yankho: Aphunzitsi, simunawanamize anawo. Atolankhani ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Koma mwachita bwino kusakhutira, chifukwa mtolankhani amangoponya dzina, ndipo mayina ambiri oponyedwa motero amafa sabata isanathe. Kuti lina likhalitse pamafunika zinthu zinanso. Chimene ndikufuna mukawauze ophunzira anu n'chakuti dzina la kuukira boma limanyamula chigamulo. Limanena amene anali wolakwa ndi amene anali wolungama, ndipo limatero mwakachetechete moti wolitchula sazindikira kuti wavomereza mlandu umene sanaumve n'komwe.

Tiyambe ndi limene anakufunsanilo. Pa 17 Disembala 2010, Mohamed Bouazizi, mnyamata wogulitsa zipatso mumsewu ku Sidi Bouzid, tauni ya ku Tunisia, anadzitentha ndi moto atalandidwa katundu wake ndi akuluakulu a m'tauniyo. Mwezi usanathe, pa 14 Januwale 2011, Pulezidenti Ben Ali anathawa m'dziko. Pa 11 Febuluwale, Pulezidenti Hosni Mubarak anatula pansi udindo ku Egypt. Mawu akuti Arab Spring amene ambiri amawaloza ngati chiyambi cha dzinali anatuluka m'magazini ya ku America ya Foreign Policy pa 6 Januwale 2011, m'nkhani ya katswiri wa ndale Marc Lynch. Taonani tsikulo: Ben Ali anali adakali pampando. Dzina linabadwa chinthucho chisanaoneke mutu wake.

Linafulumira chonchi chifukwa linali lakale kale. Mawu akuti spring amanena nyengo ya kumayiko ozizira pamene chisanu chatha, madzi oundana asungunuka, mitengo yayamba kuphuka. Kwa munthu wa ku Ulaya, chisanu ndi nthawi imene zonse zimaoneka ngati zafa, choncho kufanizira ulamuliro wankhanza ndi chisanu sikufuna kufotokozera. Mu 1848 anthu anaukira mafumu awo ku France, ku Italy, m'maiko a Ajeremani ndi mu ufumu wa Austria, ndipo chakacho chinatchedwa nyengo ya kuphuka kwa mitundu ya anthu. Patapita zaka 120, mtsogoleri wa chipani cholamula Alexander Dubček atayamba kumasula zingwe za chikomyunizimu ku Czechoslovakia mu 1968, dzina lakuti Prague Spring linali pafupi, makamaka poti mumzindawo munali kale chikondwerero cha nyimbo cha dzina lomwelo chimene chinayamba mu 1946. Kuchokera pamenepo chikombole chinapezeka. Ku Algeria kunali Berber Spring mu 1980, ku Syria kunali Damascus Spring mu 2000 Pulezidenti Hafez al-Assad atamwalira. Ngakhale Arab Spring yeniyeniyo olemba ena a ku America anali ataiyesapo kale mu 2005, koma nthawi imeneyo sinagwire.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri. Dzina limasanduka mawu a aliyense likakhala ndi mbali imodzi yosasintha ndi ina yoti ungachotse n'kuikapo china. Ukachotsa Prague n'kuikapo Damascus, wowerenga wamva kale nkhani yonse: boma lankhanza, anthu odzuka, chiyembekezo. Mkonzi wa nyuzipepala amene ali ndi malo a mawu anayi pamutu wa nkhani sangakane mphatso yotere. Zomwezi zinachitika ku South Africa m'nthawi ya intaneti. Ophunzira a pa University of Cape Town anayamba ndi RhodesMustFall mu Malichi 2015, chipilala cha mtsamunda Cecil Rhodes n'kuchotsedwa pa 9 Epulo. Pofika Okutobala kunabwera FeesMustFall, kenako ZumaMustFall, mpaka DataMustFall ya odandaula za mtengo wa intaneti pafoni. Chaka chimodzi chinali chokwanira kuti mfuu ya pasukulu imodzi ikhale chikombole cha dziko lonse.

Koma chikombole chili ndi vuto limene ine limandidetsa nkhawa kwambiri. Chimalonjeza mathero. Amene wanena kuti mitengo yayamba kuphuka wanenanso kuti zipatso zikubwera, ngati kuti ufulu ndi nyengo imene imafika yokha nthawi yake ikakwana. Chikhalirecho mbiri ya dzinali ndi yachisoni. Kuukira kwa 1848 kunaphwanyidwa pafupifupi paliponse. Prague Spring inatha usiku wa pa 20 Ogasiti 1968 akasinja a Soviet Union ndi anzake atalowa m'dzikomo. Ndiye Syria, Libya ndi Yemen atagwa m'nkhondo zapachiweniweni, olemba omwewo anangotembenuza chikombole n'kuyamba kunena za Arab Winter, chisanu cha Aarabu. Mayiko osiyana kwambiri, a mbiri zosiyana, asilikali osiyana, anamangidwa mtolo umodzi kawiri konse, poyamba ndi chingwe cha chiyembekezo, kenako ndi cha kukhumudwa. Mwana wasukulu amene wangoloweza mawu awiriwa sangakuuzeni chifukwa chimene Tunisia inayendera njira ina, Libya ina.

Funsaninso kuti eni akewo amati chiyani. Aiguputo amati kuukira kwa pa 25 Januwale. Anthu a ku Tunisia ambiri sanalikonde dzina lakuti Jasmine Revolution, la duwa lonunkhira limene alendo odzaona malo amalidziwa, ndipo iwo amati kuukira kofuna ulemu wa munthu, chifukwa chimene chinamuwawa Bouazizi chinali kunyozedwa. Ku Lebanon mu 2005, Rafic Hariri, nduna yaikulu yakale ya dzikolo, ataphedwa pa 14 Febuluwale, anthu amene anadzaza misewu ya Beirut kuti asilikali a Syria achoke ankati imeneyo ndi intifada ya ufulu. Dzina lakuti Cedar Revolution, la mtengo wa mkungudza umene uli pa mbendera yawo, linachokera kwa Paula Dobriansky, mkulu wina wa mu unduna woona za kunja wa America. N'zosavuta kuona chifukwa chake ku Washington sanafune mawu akuti intifada. M'Chiarabu amangotanthauza kudzisansa, monga munthu akusansa fumbi pa chovala, koma kuyambira Disembala 1987 dziko lonse linali litawamangirira ku nkhondo ya Apalestina ndi Israel. Choncho pali mayina awiri a chinthu chimodzi, ndipo limene linalowa m'mabuku a kunja ndi la amene anali ndi mawu omveka patali.

Chinthu chachiwiri chimene chimakhalitsa dzina ndi chithunzi. Ndikhalapo pang'ono pa chitsanzo cha Portugal chifukwa chimandiphunzitsa zambiri. Pa 25 Epulo 1974 asilikali anagwetsa ulamuliro wankhanza umene unakhala zaka 48. Mayi wina wogwira ntchito mu lesitilanti ku Lisbon, Celeste Caeiro, anali ndi maluwa a carnation m'manja, n'kuyamba kupatsa asilikali, iwo n'kumawalowetsa m'kamwa mwa mfuti zawo. Ojambula zithunzi anajambula. Lero dziko lonse limati Carnation Revolution. Dzinali n'lokongola, ndipo pali choona m'kati mwake, popeza tsikulo magazi sanakhetsedwe kwambiri mu Lisbon. Komatu akapitawo amene anakonza zimenezi anali atatopa ndi nkhondo za ku Angola, Guinea-Bissau ndi Mozambique, zimene zinayamba mu 1961 n'kudya miyoyo ya Aafirika ambirimbiri. Popanda nkhondo zimenezo sipakanakhala duwa m'mfuti. Dzina linasunga m'mawa umodzi wa ku Lisbon, zaka 13 za m'tchire la ku Africa n'kuzisiya panja. Sindikunena kuti pali amene anakonza dala. Chithunzi chimagwira zimene zinali patsogolo pa kamera, ndipo dzina lochokera ku chithunzi limatengera khungu lomwelo.

Maluwa ndi mitundu zitayamba, sizinaime. Ku Czechoslovakia mu 1989 kunali Velvet Revolution, dzina la nsalu yofewa, ndipo dzikolo litagawanika mwamtendere pa 1 Januwale 1993 anthu anangoti ndi chisudzulo cha nsalu yomweyo. Ku Georgia mu Novembala 2003 mtsogoleri wa otsutsa boma Mikheil Saakashvili analowa m'nyumba ya malamulo atanyamula duwa la rozi. Ku Ukraine mu 2004 mtundu wa lalanje unali wa kampeni ya Viktor Yushchenko. Pofika ku Kyrgyzstan mu Malichi 2005, atolankhani ankachita kusakasaka mtundu woti apereke, anayesa pinki, anayesa wa mandimu, mpaka linakhazikika la duwa la tulip. Pamenepo n'kuti dzina likutsogola, chochitika chikutsatira pambuyo.

Ndipo taonani chimene chinatsatira. Maboma a ku Moscow ndi ku Beijing anatola mawu akuti colour revolution, kuukira kwa mitundu monga lalanje ndi pinki, n'kuwasandutsa mlandu. M'kamwa mwawo mawuwa amatanthauza chiwembu chokonzedwa ndi mayiko a azungu. Lero zionetsero zikayamba m'mayiko ena, boma silifunikanso kuyankha za mtengo wa zinthu kapena za mavoti obedwa. Limangoti awa akufuna kubweretsa kuukira kwa mitundu, ndipo madandaulo onse asanduka ntchito ya akazitape. Mawu amene anayamba ngati chiyamikiro akugwira ntchito ya unyolo.

Zimachitikanso mobwerera, dzina lachipongwe kusanduka ulemu. Amene anamenyana ndi atsamunda a ku Britain m'nkhalango za ku Kenya m'ma 1950 ankadzitcha Kenya Land and Freedom Army, dzina lonena poyera zimene ankafuna, malo ndi ufulu. Boma la atsamunda ndi nyuzipepala zake ndi amene anafalitsa lakuti Mau Mau, n'kulidzaza ndi nkhani za malumbiro a usiku ndi nkhanza, kuti anthu a ku London aone ngati ndi misala osati ndale. Mtsogoleri wawo Dedan Kimathi ananyongedwa mu Febuluwale 1957. Chodabwitsa n'chakuti lamulo loletsa gululi linakhalabe ngakhale Kenya italandira ufulu, mpaka boma la Mwai Kibaki linalichotsa mu 2003. Chipilala cha Kimathi chinaimikidwa mu Nairobi mu 2007, ndipo mu 2013 boma la Britain linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228 amene anazunzidwa. Ena mwa okalamba amenewo anapita kukhoti ku London akudzitcha okha Mau Mau, mosachita manyazi. Dzina silinasinthe chilembo ngakhale chimodzi, koma katundu wa m'kati mwake anali atasinthidwa yense.

Nthawi zina owukirawo ndi amene amayamba kupanga dzina lolasa. Pa 16 Ogasiti 1819 asilikali a pa akavalo anathamangira m'khamu la anthu pafupifupi 60,000 amene anasonkhana pa St Peter's Field ku Manchester kupempha ufulu wovota. Nyuzipepala ya Manchester Observer inatcha tsikulo Peterloo, potengera Waterloo, nkhondo imene Angelezi ankanyadira kuti anagonjetsa Napoleon zaka zinayi m'mbuyomo. Mawu amodzi okha anakwanira kunena kuti asilikali amene ankatamandidwa aja tsopano akutema amayi ndi ana a kwawo komwe. Boma linalibe mawu obwezera ofanana nawo, ndipo dzinalo lilipo mpaka lero.

Komabe nkhondo yaikulu simakhala pa duwa kapena pa nyengo. Imakhala pa mawu wamba amene amatsagana ndi dzinalo: chipolowe, kugalukira, kuukira, kulanda boma, nkhondo ya ufulu. Angelezi anatcha zimene zinayambira ku Meerut ku India pa 10 Meyi 1857 kugalukira kwa asilikali, ngati kuti ndi nkhani ya antchito osamvera bwana. Mu 1909 V. D. Savarkar analemba kuti inali nkhondo ya ufulu wa India, ndipo m'dzikomo ambiri lero amaitcha nkhondo yoyamba ya ufulu. Ku South Korea, anthu a ku Gwangju amene anaphedwa ndi asilikali mu Meyi 1980 ankanenedwa ndi boma kuti anali achipolowe. Patapita zaka, boma lomwelo linayamba kutcha masikuwo kuti kumenyera demokalase kwa pa 18 Meyi, tsikulo linakhala lokumbukira dziko lonse mu 1997, ndipo Chun Doo-hwan amene anali pamwamba pa asilikali nthawi imeneyo anaweruzidwa kukhoti mu 1996.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha Hungary. Kwa zaka zoposa 30 munthu sankaloledwa kunena kuti mu Okutobala 1956 anthu anaukira. Mawu ovomerezeka anali akuti adani a chikomyunizimu anafuna kubweza m'mbuyo ulamuliro wa anthu wamba, ndipo boma lonse la János Kádár linaima pa mawu amenewo, chifukwa ngati anali anthu eni ake amene anadzuka, ndiye kuti amene anakhala pampando ndi thandizo la akasinja a Soviet Union anali wolanda. Pa 28 Januwale 1989 mmodzi wa akuluakulu a chipani, Imre Pozsgay, ananena pa wailesi kuti 1956 kunali kuukira kwa anthu. Chinali chiganizo chimodzi. Pa 16 Juni chaka chomwecho mafupa a Imre Nagy, nduna yaikulu imene inanyongedwa mu 1958, anaikidwanso m'manda mwaulemu pamaso pa chinamtindi cha anthu, ndipo pa 23 Okutobala, tsiku lomwe kuukira kuja kunayamba, dziko linalengezedwa kukhala lipabuliki yatsopano. Sindikuti mawuwo okha ndi amene anagwetsa boma. Koma mwala umene unachotsedwa tsiku limenelo unali wa pamaziko.

Ophunzira anu akati zonsezi ndi nkhani ya mawu chabe, auzeni za Egypt mu 2013. Asilikali atachotsa Pulezidenti Mohamed Morsi pa 3 Julayi, ogwirizana ndi asilikaliwo anati kumeneko kunali kuukira kwa anthu kwa pa 30 Juni, otsutsa anati ndi kulanda boma. Lamulo la ku America limanena kuti thandizo liime kudziko limene asilikali alanda boma losankhidwa, ndipo Egypt inkalandira pafupifupi madola 1.3 biliyoni a zankhondo chaka chilichonse. Boma la Barack Obama linasankha kusagamula ngati kunali kulanda boma kapena ayi. Akuluakulu a asilikali kulikonse anaphunzirapo. Mu Novembala 2017 ku Harare, mkulu wina wa asilikali, Sibusiso Moyo, anaonekera pa kanema atavala yunifolomu kudzanena kuti sikulanda boma, ndipo ntchitoyo anaipatsa okha dzina lakuti Operation Restore Legacy ena asanaitche dzina lina.

Zimbabwe yomweyo ikuonetsanso njira ina imene dzina limasandukira mawu a aliyense: limakhala chuma chimene andale amatapako. Chimurenga ndi mawu a Chishona otanthauza nkhondo yomenyera ufulu, ndipo choyamba chinali cha 1896 mpaka 1897, pamene Ashona ndi Andebele anaukira kampani ya Rhodes. Omenyera ufulu a m'ma 1960 ndi 1970 anatcha nkhondo yawo Chimurenga chachiwiri, podzilumikiza ndi Mbuya Nehanda ndi anzake. Ndiye kuyambira mu 2000 boma la Robert Mugabe linatcha kulanda mafamu Chimurenga chachitatu, ndipo aliyense wofunsa za mmene zikuchitikira ankaoneka ngati akutsutsana ndi makolo amene anafera dziko. Ku America n'chimodzimodzi. Anthu amene anataya mabokosi 342 a tiyi m'nyanja ku Boston pa 16 Disembala 1773 sanatche zimenezo phwando la tiyi. Kwa zaka pafupifupi 50 ankangoti kuwonongedwa kwa tiyi, ndipo dzina lakuti Boston Tea Party linayamba kuoneka m'zolembedwa m'ma 1820. Mu 2009 gulu lodana ndi misonkho linalitola n'kudzitcha Tea Party. Apa mukuona kuti dzina likhoza kubwera mofulumira ngati la Arab Spring, kapena kuchedwa mpaka ochitawo ambiri atamwalira.

Mayina otengera mtsogoleri, ngati a Bambatha ku Natal mu 1906 kapena John Chilembwe mu 1915, amakumbukika msanga chifukwa munthu amakumbuka munthu mnzake, ngakhale amaphimba mazana a ena amene anayenda naye. Otengera chikhulupiriro, ngati Maji Maji ya 1905 mpaka 1907 ku Tanganyika, amakopa maso ku madzi a mankhwala a mlosi Kinjikitile Ngwale, amene ankati amateteza ku zipolopolo, kuposa ku thonje lokakamiza limene linatopetsa anthu pansi pa Ajeremani.

Mwina mwaona kale kuti eni ake nthawi zambiri amakonda tsiku. Apwitikizi amati 25 de Abril, ndipo mlatho waukulu wa ku Lisbon umene unkatchedwa dzina la wolamulira wankhanza Salazar tsopano uli ndi dzina limeneli. Ku South Africa kunena kuti June 16 n'kokwanira, aliyense amadziwa kuti ndi ana asukulu a ku Soweto a 1976 amene anakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Ine m'kalasi ndingayambe ndi dzina la tsikuli, kenako n'kulemba pabolodi mayina ena onse a chinthu chomwecho, lililonse ndi amene analitcha ndiponso chaka chake, anawo n'kupeza okha chimene lililonse likuonetsa ndi chimene labisa. Tsiku silifotokoza kanthu kwa mlendo, n'chifukwa chake silidutsa malire mosavuta ngati duwa. Koma kwa amene analipo limanena zonse, ndipo maboma amalidziwa mphamvu yake. Ku China, kuphedwa kwa ochita zionetsero ku Beijing mu 1989, kumene dziko lakunja limati Tiananmen, anthu amati 4 Juni, kapena manambala awiri okha, 6 ndi 4. Manambala amenewo amasefedwa pa intaneti ya m'dzikomo, makamaka tsikulo likamayandikira. Anthu atapeza kuti sangalembe 4 Juni, anawerenga masiku kupitirira kumapeto kwa mwezi wa Meyi n'kuyamba kulemba kuti 35 Meyi, mpaka osefa aja analetsanso tsiku limene silipezeka pa kalendala iliyonse.